Munda Wopanda Kaufiti

A Elifala Chikuse, mlangizi wa zaulimi kumtunda kwa Chezi, adali munthu woyankha musanamalize kufunsa. Mukangoti, "Alangizi, chimanga changa chija," iwo ayamba kale: fetereza, mizere, kupalira msanga, uku phazi limodzi lili pa pedulo ya njinga. Mayankho awo sadali olakwika ayi. Adali a m'buku, ndipo bukulo adaliloweza zaka makumi awiri zapitazo. Kungoti adali ngati ndiwo zotenthetsa kachitatu, zodyeka koma zosakoma.

Tisawaweruze msanga. Chaka chimenecho, 1995, ntchito ya ulangizi idali yotopetsa zedi. Matipate atabwera aliyense adatseguka pakamwa, ndipo mudzi uliwonse udafuna kalabu yakeyake. Alimi wamba adali ataloledwa kulima fodya wa bale, ndiye mafomu adachuluka kuposa fodyayo. Mabungwe obwera pa magalimoto oyera ankafuna msonkhano Lolemba, kuofesi ankafuna lipoti Lachiwiri, Lachitatu kwagwa maliro. A Chikuse ankanyamuka mame asanaume n'kubwerako atatoperatu. Akazi awo, a Luckness, ankati adakwatiwa ndi chikwama cha mapepala.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, a Enoki, wapampando wa kalabu ya alimi ya kwa Chimkoka, adawaimitsa pakamlatho.

"Alangizi, pali dzina loti mufufute pa mndandanda wa kalabu. Tagwirizana tonse."

"La yani?"

"La Marita, mkazi wa malemu Alexio, uja wa pamwamba paphiri. Akukawa."

Mlandu wokawa si wamasewera. Akakunenani zimenezo ndiye kuti mukukoka ndi mankhwala chakudya cha m'minda ya anzanu kuti chikadzaze nkhokwe yanu. Umboni wa a Enoki udali kaufiti, udzu uja wa maluwa ofiira woyamwa mizu ya chimanga. Chaka chimenecho adafiiritsa minda yonse ya kwa Chimkoka, chimanga n'kupinimbira, masamba achikasu okhaokha. Munda umodzi wokha udali biriwiri, ndipo udali pamalo poonekera kwa aliyense.

Dzina likadafufutidwa, Marita sakadalandiranso mbewu kapena fetereza wa kalabu. Koma icho chidali chochepa. Cholembera cha mlangizi chikadakhala chidindo cha boma pa mphekeserayo, ndipo munthu wotchedwa wokawa sakhalitsa pamudzi. Amayamba n'kupeza mbuzi yathyoledwa mwendo, kenaka denga lapsa.

A Chikuse zokawa sankazikhulupirira, komanso mikangano sankaifuna. Mndandanda unkafunika kuofesi kumapeto kwa Epulo.

"Lamulo likuti ndikaone munda kaye," adatero, n'kupalasa.

Ndinene zoona, mumtima adali atafufuta kale. Dzina limodzi pa mayina makumi atatu, kalabu n'kukhala pamtendere. Ulendo wa kuphiriwo adaupatsa mphindi khumi.

Njira yokwera kwa Marita siidali ya njinga. Adaisiya patsinde, n'kudutsa wapansi m'minda yofiirayo, matope akumatirira kunsapato. Pamwamba adapeza munda wotchingidwa ndi khonje ndi miyala, ndipo mwiniwake, mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, wowonda koma wa mikono yolimba, akubandira chimanga yekha.

"Takulandirani, alangizi. Mwasochera?"

"Ayi mayi, ndabwera pa ntchito."

"Ndamva kale. A Enoki sadziwa kunong'ona, ndiye phirili limakweza mawu onse." Adagoneka khasu pamzere. "Onani. Mukaipeza nyanga yokawirayo mundiitane, nanenso ndiione."

A Chikuse adayenda mizere itatu, inayi, khumi. Kaufiti ngakhale mmodzi. Pakamwa pawo padayamba pokha monga mwa masiku onse.

"Mudathira fetereza wambiri."

"Thumba limodzi, ngati anzanga onse. Mudalemba nokha."

"Ndiye mumasinthasintha mbewu. Chaka chino chimanga, chinacho mtedza."

"A Enoki amateronso, komatu kwawo kwafiira."

"Mbewu yanu ndi ina."

"Ya kalabu yomweyo."

"Basi mumazula asanachite maluwa."

"Ndikamuona ndimazula. Koma chaka chonsechi ndazula atatu. Ndizule chiyani poti samera?"

Mayankho a m'buku adali anayi, ndipo onse anayi adatha. A Chikuse adayang'ana wotchi yawo, koma wotchi siidawathandize.

"Musaganize kuti ndikukuyesani," adatero Marita. "Nanenso chikundizunguza mutu. Ndimakhala pamwalapo n'kumayang'ana minda ya anzanga, n'kumadzifunsa kuti ine ndachita chiyani kuti kaufiti andilambalale. Inu mudapita kusukulu. Amayenda bwanji udzu umenewu, poti ulibe miyendo?"

"Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi. Zimakokoloka ndi madzi a mvula. Zina pang'ono zimauluka ndi mphepo."

"Madzi sakwera phiri, pamenepo ndamva. Mphepo mwina ndi yomwe idabweretsa atatu aja. Nanga munda wa a Susana uwo?" Adaloza phiri la kutsidya. "Uli pamwamba ngati wangawu, khonje ali nalo, ng'ombe sizilowa. Bwanji wafiira?"

A Chikuse adayang'ana. Udalidi wofiira. Adafunafuna m'mutu, osapeza kanthu, ndipo adamva pakamwa pawo pakutuluka mawu amene adali asanawanene kwa mlimi chiyambire ntchito.

"Sindikudziwa."

"Ehe. Ndiye tilipo awiri."

Adakhala pansi pamwala paja. Mphindi khumi zija zidatha, zina khumi n'kutsatira, iwo osazindikira. Adayamba kufunsa, koma tsopano mafunso enieni, aja ofunsa munthu asakudziwa yankho. Munda udatsegulidwa liti? Manyowa amachokera kuti? Mapesi amatentha kapena amakwirira? Mbuzi zimalowa? Marita ankayankha mosafulumira, nthawi zina n'kubweza funso lakelake, ndipo awiriwo ankalitembenuza uku ndi uku mpaka kulitaya. Kenaka a Chikuse adafunsa za dima, mwambo uja woti mwini munda aphike thobwa, anzake abwere ndi makasu kudzamulimira tsiku limodzi, mawa n'kupita kwa wina.

"Dima lomaliza mudaitana liti?"

Marita adawatembenukira.

"Mukufunsa zoona, alangizi, kapena mwaiwala?"

Sadaiwale. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, pamsonkhano wa chipani, Alexio adakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chake mayi woyembekezera azigulira khadi la chipani mwana amene sanabadwe. Adafunsa mwaulemu, chipewa chili m'manja. Patapita masiku atatu ayufi, anyamata a chipani aja, adadzamutenga, ndipo patapita zaka ziwiri kudabwera uthenga woti adafera kundende. Chiyambire pamenepo phirilo lidasanduka loopsa. Kuonedwa ukukwera kwa Marita kudali kudzilembetsa wekha pagulu la ogalukira. Anthu adaleka, ndipo mlangizi naye adaleka. Marita adalowa kalabu matipate atabwera, koma kulembedwa dzina n'kwina, kuchezeredwa n'kwina.

"Khasu lolowa m'munda muno ndi ilo lokha," adatero Marita.

A Chikuse adazolika ndi manyazi, ndipo pozolikapo adaona nsapato zawo. Zidali zomata katondo wofiira wa m'minda ya kumunsi, pomwe dothi la Marita lidali lakuda. Adaziyang'anitsitsa. Adayang'ana khasu lija, adayang'ananso munda wa a Susana, mayi wodziwika ndi thobwa lokoma amene dima lake silinkasowa anthu. Kenaka adavula nsapato zonse ziwiri, n'kuzinyamula mosamala, n'kukaziika kunja kwa khonje.

"Mwayesa pano ndi pamzikiti?" adafunsa Marita.

"Mayi, mundipatseko dothi la m'munda mwanu. Dengu limodzi."

Potsika phiri, dengu lili paphewa, a Chikuse adali ndi zinthu ziwiri mumtima, ndipo zidali zosagwirizana. China chidali manyazi, owawa ndithu. Chinacho chidali chimwemwe, ndipo adachita nacho mantha pang'ono, poti adali atachiiwala. Adakumbukira kuti kusukulu ya zaulimi anzawo ankawaseka chifukwa chodzaza zenera ndi zitini za nyemba, china cha mchenga, china cha phulusa, kungofuna kuona chomwe chichitike. Munthu ameneyo adapita kuti? Palibe adamumanga, palibe adamuopseza. Adangoona zomwe funso limodzi lidamuchita Alexio, n'kuphunzira phunziro lomwe dziko lonse lidaphunzira, loti wofunsa sakalamba. Kenaka ntchito idachuluka, ndipo kutanganidwa kudakhala pobisalira pabwino. Tsopano mantha adatha, boma lidasintha, koma chizolowezi chidatsala.

Ku Chezi adalowa m'sitolo ya a Sharifu, bambo wachisilamu wogulitsa mchere, sopo ndi nsalu, amenenso ankadziwa nkhani zonse za m'dera.

"Zitini zisanu ndi chimodzi zopanda kanthu? Mwayamba geni ya palafini, alangizi?"

A Chikuse adafotokoza. A Sharifu adamvetsera akusisita ndevu, n'kukoka benchi.

"Zaka zonsezi mumadutsa pano ngati mukuthamangitsidwa ndi njuchi. Lero khalani pansi. Inu mukuti mukatenge dothi la pamakasu a anthu, mukaike m'zitini kunyumba kwanu, patapita mwezi muwaonetse kaufiti. Mukuganiza kuti adzati chiyani?"

"Adzaona ndi maso awo."

"Adzati alangizi nawonso ayamba zitsamba. Munthu amakhulupirira chomwe wagwira ndi manja ake. Ine kasitomala akakayika sikelo, ndimamupatsa ayeze yekha."

A Chikuse adaseka, kuseka kwenikweni, mpaka a Sharifu adadabwa.

Loweruka lotsatira kudali dima kwa mng'ono wa a Enoki. A Chikuse adafika nthawi ya thobwa, makasu makumi awiri atasanjidwa pansi pa mtengo, n'kupempha a Enoki kuti apale okha dothi lomata pamakasuwo ndi mpeni wawo. Anthu adaseka mpaka kutsamwa. A Enoki adavomera, osati chifukwa chokoma mtima, koma chifukwa adali otsimikiza kuti mlangizi achita manyazi. Lolemba, pakhonde pa sitolo ya a Sharifu, anthu akuonerera, a Enoki adadzaza zitini zonse ndi dothi la kwa Marita. M'zitini zitatu adasakanizamo zopala za pamakasu zija, n'kuzipaka utoto wofiira kuti zisasokonezeke. Zitatu zinazo adazisiya momwemo. Adadzalamo chimanga, njere ziwiriziwiri, ndipo a Sharifu adalonjeza kuthirira.

"Tikafika kumapeto kwa Epulo osaona kanthu, mufufuta," adatero a Enoki akusasa m'manja.

"Tikafika tidzaona."

Masabata otsatirawo alimi adayamba kudandaula zachilendo. Kale ankati mlangizi sakhala pansi, tsopano ankati sachoka. Ankaima pamunda wa munthu n'kumafunsa chifukwa chake chimanga cha pachulu chimakula kuposa chinzake, chifukwa chake maungu a uyu sagwidwa nsabwe, adamuphunzitsa ndani kupachika fodya motero. Ena ankakayika, poganiza kuti ndi msampha wa boma. Ambiri ankamasuka, chifukwa palibe mlimi amene sakonda kufunsidwa za munda wake. Lipoti la Malichi lidachedwa ndipo kuofesi kudachokera kalata yokalipa. A Chikuse adaiwerenga, adapepesa, n'kuipinda bwinobwino. Kunyumba adafunsa a Luckness chifukwa chake amaika masamba a nimu m'thumba la nyemba.

"Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuika, bambo a Lonjezo, mwaona lero?"

"Ndaona lero. Tandiuzani."

Koma zitini zija zidangoti zii. Chimanga chidamera, chidafika m'maondo, kaufiti osaoneka. Sabata lachinayi lidadutsa, lachisanu n'kudutsanso. A Enoki ankadzera dala pasitolo, kusuzumira m'zitini, n'kupereka moni wautali kwambiri. A Chikuse adayamba kuda nkhawa. Dzina adali atatsimikiza kale kuti safufuta, zivute zitani, koma ankadziwa kuti kukana kwa mlangizi popanda umboni sikungatchinjirize denga la munthu. Tsiku lina adakweranso phiri, nsapato n'kuzisiya pakhonje, kukamuuza Marita kuti mwina adalakwitsa.

"Ngati mwalakwitsa tiganiza china," adatero Marita. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga inu mumafuna kaufiti amere pa tsiku la fomu yanu?"

Sabata lachisanu ndi chiwiri, a Sharifu adawaimitsa pamsewu ndi dzanja, n'kuwalozera zitini zija. M'chitini chimodzi chofiira, patsinde pa chimanga, padali timitengo tiwiri tobiriwira towonda. Patapita masiku atatu chitini chachiwiri chidatulutsa tisanu. Chachitatu sichidatulutse kanthu, ndipo a Chikuse sadabise zimenezo. Koma zitini zitatu zosapaka zija zidakhala zoyera, chimanga chake chonenepa. Pofika sabata lomaliza la Epulo maluwa ofiira adali psuu pakhonde pa sitolo, ndipo anthu opita kuchigayo ankapatuka kudzaona.

Msonkhano wa kalabu udachitikira pomwepo, Lachisanu m'mawa. Amuna adakhala pamabenchi, amayi pansi chakumbali, ndipo Marita adakhala payekha pafupi ndi mulu wa njerwa. A Chikuse sadalankhule zambiri. Adafunsa a Enoki kuti adadzaza zitini ndani, adapala makasu ndani, adapaka utoto ndani. A Enoki adavomera zonse. Adafunsa a Sharifu ngati wina adazikhudza, ndipo a Sharifu adati zinkagona m'sitolo mokhoma.

"Dothi ndi limodzi, mbewu ndi imodzi, madzi ndi amodzi," adatero a Chikuse. "Chosiyana ndi chomwe chidachoka pamakasu athu. Sindikunena kuti ndadziwa zonse, chitini icho chandikanira ndipo sindikudziwa chifukwa chake. Koma njere za kaufiti tikuzinyamula tokha. Tikalima kwa uyu lero, mawa tikukazidzala kwa uyo."

Padali kung'ung'udza. A Enoki sadali munthu wogonja msanga, komanso sadali wopusa. Adaimirira, adazungulira zitini, n'kutembenukira kwa anthu ndi nkhope ya munthu amene wapeza pogwira.

"Chabwino, makasu anyamula. Tavomera. Koma makasu omwewa amalima minda yonse ya kwa Chimkoka. Dima limazungulira nyumba iliyonse, palibe amene timamudumpha. Ndiye atiuze, bwanji kwa Marita kokha..."

Adalekera pomwepo, dzanja lili m'mwamba. Palibe adawathandiza kumaliza. Amayi adayamba kukonza zitenje zomwe zidali bwinobwino, amuna n'kumayang'ana zala za kumapazi.

Marita sadaimirire. Adalankhula ali chikhalire, mawu ake osakwera.

"Chaka choyamba atawatenga bambo a kwathu, ndidaphika thobwa mitsuko inayi. Ndidayenda nyumba iliyonse kuitana, ndipo nonse mudati mubwera. Ndidadikira mpaka dzuwa paliwombo. Chaka chachiwiri ndidaphikanso, ndimati mwina mudatanganidwa. Lonselo lidasasa, ndidakhuthula kudzala. Chachitatu ndidaleka." Adapukuta fumbi pachitenje. "Ndiye mankhwala anga ndi amenewo, a Enoki. Mudandipatsa ndinu."

A Enoki adakhala pansi pang'onopang'ono. A Susana, aja a munda wa kutsidya, adabisa nkhope m'chitenje.

"Ineyo ndili m'gulu lomwelo," adatero a Chikuse. "Zaka zisanu ndi zinayi munda umenewo udali m'dera langa, ndipo sindidapondemo. Ndinkaopa, ndipo pambuyo pake ndinkati ndatanganidwa."

Adatsegula chikwama, adatulutsa mndandanda, n'kuwerenga mayina onse makumi atatu mokweza, mmodzimmodzi. Atafika pa la Marita adaima, n'kuyang'ana a Enoki. A Enoki adagwedeza mutu kuti apitirize. Adasaina onse awiri, mlangizi ndi wapampando, pepala litatsamira pa kauntala ya a Sharifu. Kenaka padabuka mafunso, ambirimbiri, ena anzeru ena ayi: makasu atsukidwe ndi chiyani, nanga mapazi, nanga ngolo, nanga njere zomwe zili kale m'nthaka zimakhala zaka zingati. A Chikuse adayankha zomwe ankadziwa. Pa zomwe sankadziwa adati ayese limodzi, ndipo a Sharifu adadandaula kuti zitini zawo zithera pomwepo.

Anthu akubalalika, a Susana adapita pomwe padali Marita, n'kugwada. A Enoki adaima chapatali pang'ono, chipewa akuchipinda m'manja, ndipo ena atatu anayi adaima kumbuyo kwawo.

"Achemwali," adatero a Susana, "chimanga chija mukolola liti?"

Marita adawayang'ana mmodzimmodzi, mosathamanga. Adaimirira, n'kumanga bwino chitenje.

"Lachinayi. Mubwere ndi madengu, makasu muwasiye kunyumba. Ndipo mukafika pakhonje mupukute mapazi."